Mchere wa Achemwali Anga

Ndikamapita kwa achemwali anga a Elestina ndimamanga mchere pansonga ya chitenje. Anthu amaseka, amati Ruth wapenga, koma iwo sanalaweko nandolo wa kumeneko. Mayi wodziwa kuphika ngati ameneuja, lero ndiwo zake zimangomveka ngati madzi otsukira mphika! Amene anayambitsa zimenezi ndi alamu anga a Hamilton, amuna awo, ndipo poti anatisiya, sangandiletse kuwanena.

A Hamilton anali Mlomwe wa kufupi ndi Magomero. Agogo awo anachita kuyenda pansi kuchokera ku Mozambiki, ndiye ine ndinkawaseka kuti mtundu wawo sudziwa kukhala malo amodzi. Anabwera kwathu kuno ku Milepa kudzakhala chikamwini ine ndisanathe n'komwe msinkhu. Anali wowonda ngati bango, thalauza yomanga ndi luzi, moti amayi athu atawaona anafunsa ngati munthuyo angathe kunyamula khasu. Ananyamulatu. Analima munda wa apongozi mpaka amayi anayamba kuwasungira nthutumba akapha nkhuku, ife ana obereka okha tikulimbirana khosi.

Koma chimene anthu amawakumbukira nacho ndi njinga. Poyamba ankanyamula zigubu za mkaka za alimi a ng'ombe. Kenako anamanga khushoni kumbuyo, achemwali n'kusokera nsalu yofiira ya mphonje, basi n'kukhala wa kabaza. Amayi apakati ambiri a kuno anafika kuchipatala pa khushoni imeneyo. Belu lawo tinkalidziwa tonse. Likalira kutsidya kwa dambo madzulo, achemwali ankayamba kuthira madzi osamba m'ndowa osayang'ana n'komwe.

Alamu anali ndi lamulo lawolawo pa ntchitoyi. Ankati munthu ukanyamula mkazi wa mwini kapena wamkulu, suima panjira kuti ukataye madzi patchire, n'chipongwe chimenecho. Ndiye kuti asavutike, madzi sankamwa tsiku lonse, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Mkodzo ukawapana ankangousunga mpaka akafike. Masana ankadya tchipisi cha pachiwaya, atachiwaza mchere mpaka kuyera. Madzulo msana ukamawawa, ankadutsa pa okala kugula mapiritsi a bulufeni n'kumeza ngati mtedza. Ine ndinkawauza kuti, "Alamu, ulemu wanuwu udzakuphani." Iwo ankangoseka n'kunena kuti, "Alamu, inuyo pakamwa panu mpamene padzakupheni." Zinayenda choncho mpaka mwana wawo Fiona anakula n'kukwatiwa ku Limbe.

Chaka china nkhope ya alamu inayamba kudzaza, makamaka m'mawa. Anthu anakondwa nawo. Pasiteji anzawo ankati kabaza yayamba kulipira. Inenso ndinati, "Iii, alamu, mwanenepa liti? Bango lasanduka thunthu la nthochi!" Kenako nsapato zinakana kulowa, anayamba kupalasa atavala patapata. Pachitunda chimene ankakwera akuimba nyimbo anayamba kutsika n'kumakankha. Achemwali anandinong'oneza kuti mkodzo wa amuna awo ukuchita thovu ngati wathiridwa sopo, ndipo thovulo silikutha msanga.

Mbiri itafika ku Magomero, kunabwera mlongo wawo wamkulu, a Ursula. Mayi ameneyu sankaseka wamba. Anagwada, n'kudina mwendo wa a Hamilton ndi chala. Chala chitachoka, panatsala dzenje. Anadzuka n'kuyang'ana achemwali anga kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ili ndi tsempho," anatero a Ursula.

Achinyamata a lero ena sadziwa, choncho ndinene. Makolo athu ankati mkazi akakhala kumwezi, kapena akayenda ndi mwamuna wina, dzanja lake ndi lotentha. Akathira mchere m'ndiwo, wodyayo amatupa miyendo ndi nkhope, mwina mpaka kufa. Limenelo ndiye tsempho. Tsono achemwali anali atasiya kale kupita kumwezi, ndiye mawu a a Ursula anali ndi tanthauzo limodzi lokha. Ankanena kuti maulendo amene achemwali ankapita ku Limbe, okagulitsa tomato ndi kukaona Fiona, anali ndi zina mkati. Abale inu! Mayi wa imvi, woyambitsa nyimbo pamsonkhano wa amayi kutchalitchi cha ku Mbombwe, amuyese wachiwerewere? A Ursula anatsanzika ndi mawu akuti adzabweranso ndi ankhoswe kudzatenga mlongo wawo, akafere kwawo kusiyana n'kumalizidwa pachikamwini. Kuno mkamwini akamachoka amanyamula bulangete ndi njinga yake basi, ndipo banja lathera pomwepo.

Fiona ndiye analimbikira pafoni kuti bambo ake apite kuchipatala. Pachipatala chathu chaching'onochi anawayeza kuthamanga kwa magazi, namwino n'kubwereza kachiwiri poganiza kuti makina alakwitsa. Anawapatsa kabotolo kuti akodzeremo, anaviikamo kapepala, kapepalako n'kusintha mtundu. Anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Boma kuti akatenge magazi. Ndinapita nawo ine, chifukwa achemwali akaona yunifomu lilime limawalemera.

Dokotala wake anali bambo wodekha, a Benedicto. Atayang'ana zotsatira anati, "Bambo, izi sizinatuluke bwino."

"Ndiye ndikagule matabwa?" anafunsa alamu.

A Benedicto anaseka pang'ono. "Musathamange. Mayi, kunyumba muli ndi sefa?" Achemwali anavomera ndi mutu. "Impso ndi sefa ya magazi. Imachotsa zoipa kuti zituluke ndi mkodzo, zabwino n'kutsala m'thupi. Sefa ya bambowa yatopa. Zabwino zina zikudutsa, n'chifukwa chake mkodzo ukuchita thovu. Zoipa zina zikutsalira m'magazi, ndi zimene taona pano. Madzi ndi mchere zikukanika kutuluka bwino, n'chifukwa chake akutupa. Sikunenepa kumeneku ayi."

Ine ndinayang'ana pansi, poti mawu a thunthu la nthochi aja anali anga.

Anawafunsa za ntchito yawo, ndipo ine sindinadikire kuti alamu ayankhe. Ndinaulula zonse, za madzi, za tchipisi, za bulufeni. A Benedicto anati kuthamanga kwa magazi kosaonetsa zizindikiro kumadya impso mwakachetechete, ndipo mapiritsi a ululu aja, pomwedwa tsiku ndi tsiku ndi munthu wouma kukhosi, anawonjezera moto. Anatinso kuyeza kamodzi sikugamula mlandu, adzayezanso pakapita miyezi kuti aone ngati impsozo zikutsika kapena zaima. Anapereka mankhwala a magazi ndi ena ophwetsa kutupa. Analetsa bulufeni, analetsa mankhwala a zitsamba osadziwika, analetsa kusunga mkodzo. Pomaliza anati mchere uchoke m'ndiwo.

Apo m'pamene achemwali anatsegula pakamwa koyamba, mawu ali pansipansi. "A dokotala, kodi mchere wothira ineyo ndi umene wawadwalitsa?"

A Benedicto anawayang'ana. Anali munthu wa konkuno, anamva chimene chinkafunsidwa. "Mayi, mchere ndi mchere. Impso sidziwa dzanja limene lathira."

Tinabwerera tikuona ngati nkhani yatha. Kumeneko ndiye kunali kudzinamiza! Achemwali anasiya kuthira mchere monga anauzidwira, alamu ankamwa mankhwala, ndipo pang'onopang'ono miyendo inaphwa, nsapato n'kuyambanso kulowa. Koma anthu anawerenga mwina. Anati, "Mwaona? Wasiya kuthira mchere, munthu waphwa. Wavomera yekha." Achemwali akafika pamjigo, amayi ankasiya nkhani pakati. Kutchalitchi anayamba kukhala kumbuyo, nyimbo osayambitsanso. Akanathira mchere akanapweteka amuna awo, posathira ankaoneka wogwidwa. Ndinawapeza tsiku lina akusenda nandolo misozi ikugwera m'lichero, ndipo mtima wanga unawawa kwambiri.

A Ursula anabweradi, pamodzi ndi malume awo amene anali nkhoswe. Anafika masana, tinawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Anthu oyandikana nafe anayamba kupeza zifukwa zodutsira pabwalo. Malume aja anayamba mozungulira monga mwa akulu, koma a Ursula anawadula.

"Tabwera kudzatenga munthu wathu. Za kuchipatalazo tamva, koma ife tili ndi maso. Chisiyireni mchere mayiyu, achimwene achira. Tikufunanso umboni wina wanji?"

Apo ine sindinathe kupirira. Ndinaimirira chitenje chikugwa. Ndinauza a Ursula kuti achemwali anga mwambo amaudziwa kuposa iwo, kuti ndili mtsikana ankandiitana ine kudzathira mchere masiku amene iwo sankayenera, osaphonya. Ndinanenanso zina zimene sindingabwereze pano poti ndine wa mpingo.

"Alamu, khalani pansi," anatero a Hamilton. Sanakweze mawu, koma ndinakhala. Kenako anatembenukira kwa akazi awo. "Make Fiona, tabweretsani mphika wa nandolo uja. Mubwere ndi mchere womwe."

"A dokotala analetsa," anatero achemwali.

"Ndikudziwa. Lero lokha."

Achemwali anabweretsa mphika ndi kabotolo ka mchere, n'kugwada. Alamu anati athire ndi dzanja lawo, aliyense akuona. Achemwali anathira. Anatakasa, anapakulira m'mbale. Ngakhale odutsa aja anaima poyera osanamiziranso. Alamu anasamba m'manja n'kudya pang'onopang'ono mpaka kupukuta mbale ndi chala.

Atatha anayang'ana mlongo wawo. "Achemwali, dzanja ili landithirira mchere chikwatirireni. Likanakhala lotentha bwenzi nditafa ndili mnyamata. Chandipweteka ine ndi ludzu la panjinga, mapiritsi a pa okala, ndi magazi othamanga amene sindinkawayezetsa. Mayiwa asiya mchere chifukwa akufuna ndikhale ndi moyo. Uwu ndadyawu ndi womaliza, ndipo ndafuna uchokere m'dzanja lawo inu mukupenya. Ngati ndi tsempho, mumva uthenga. Koma pano sindichoka ndi miyendo yanga. Mudzanditenga m'bokosi, poti kumanda ndi kwanu."

Malume aja anakhosomola, anati mwini wake wanena, iwo alibe mawu. A Ursula anadzuka osatsanzika bwino. Uthenga umene ankaudikira sunapite. Kupepesa sanapepese, si anthu opepesa amenewo, koma nyengo yokolola itafika anatumiza thumba la nyemba za kalongonda, ndipo achemwali analilandira.

Alamu kabaza anasiya. Anakhala pansi pa mtengo pafupi ndi siteji n'kumamata matayala, botolo la madzi lili pambali. Mnyamata wa kabaza akaima kuti apope, ankamuuza kuti, "Imwa madzi iwe, ndipo ukapanika uziima, wokwerayo nayenso amakodza." Kuchipatala ankapita pa masiku ake. Ulendo wina zotsatira zinkakhala zaima, tonse n'kupuma, ulendo wina zatsika pang'ono. Anaphunzira kufunsa okha kuti sefa ili pati. Pakhomo mphika unali umodzi, chifukwa achemwali anakana kuphika ziwiri, anati sangadye zokoma mwamuna akudya zozizira. Ankathira tomato wambiri, anyezi, nsinjiro, nthawi zina ndimu. Alamu ankatafuna n'kumati, "Koma lero ndiye mwaphikatu," ine ndikudziwa kuti akunama.

Anakhala choncho zaka zingapo zabwino, mpaka anaona adzukulu akuyamba sukulu. Kenako impso zinatopa ndithu. Abale awo anabwera n'kuwatenga monga ananenera, m'bokosi, ndipo anyamata a kabaza anaperekeza galimoto akuliza mabelu mpaka kumsewu waukulu. Ndimawasowa alamu anga. Palibenso wondiyankha mwano ndikamuyamba, amuna a masiku ano ukawaseka amakwiya. Njinga ija ili pakhonde, nsalu yofiira ija inasuluka, koma achemwali amaichapabe.

Mwezi wathawu ndinapitako, ndinapeza nandolo ali pamoto. Ndinalawa, ndipo ukali wanga uja unabwera. Ndinati, "Achemwali, munthu munkamusamalayo anapita. Inu impso zanu zili bwino, anakuyezani. Mukudzizunziranji? Tathirani mchere, abale!"

Anapitiriza kutakasa osandiyang'ana.

"Womaliza uja ndinathira kale, Ruth," anatero. "Anadya."

Tsiku limenelo mfundo ya pachitenje sindinaimasule. Ndinadya momwemo mpaka kumaliza mbale.