Chigamba cha Padenga Lathu

Chitini cha misomali yakale chinkakhala pansi pa bedi la bambo, ndipo ndinayamba kuchidziwa bwino chaka chimene bambowo anatengedwa. Ndinali mtsikana wa sitandade 4. Anabwera m'mawa anthu atatu pa galimoto, ife tikukonzeka kupita kumunda wa mpunga ku Likangala. Anamenya chitseko ndi nsapato ngakhale chinali chosakhoma, mahinjesi n'kuzuka, felemu n'kung'ambika. Mlandu unali mawu ena amene bambo ananena okhudza makhadi a chipani. Mayi ankati mawuwo ananenedwa pakhonde pathu, ndipo mlendo amene analipo anali mmodzi yekha: amalume, mchimwene wawo wa bere limodzi.

Tsiku lotsatira amalumewo anabwera ndi sowo ndi hamala kuti akonze chitseko. Mayi anaima pakhomo osawapatsa mpando.

"Zikomo achimwene, ndikonza ndekha."

Mayi anali asanagwirepo hamala chibadwire. Anawongola misomali pamwala, ina ikuthawa n'kuwatema zala. Anadula zidutswa za tayala lakale la njinga n'kuzikhomera m'malo mwa mahinjesi. Thabwa litang'ambika kawiri, anaphunzira kupaka sopo kunsonga ya msomali. Chitsekocho chinaima mopendekeka, chinkalira ngati mbuzi, koma chinkatsekeka. Mayi ankandiuza kuti munthu wokonza nyumba amaona zonse za m'nyumbamo, ndipo zimene waona amapita nazo.

Mvula itayamba, denga linatiululira matenda ake. Mphepo ya kunyanja ya Chilwa, ya mchere ija, inali itadya lata limodzi pamwamba pa mphasa yanga. Madzi ankagwera m'beseni, ofiira ndi dzimbiri. Aphunzitsi anandifunsa tsiku lina ngati kwathu kuli wotithandiza, ine n'kuwauza za kudonthako. Mayi atamva anandikoka khutu mpaka ndinalira. Mpaka lero sindidziwa ngati aphunzitsiwo ankafunsa mwachifundo. Zaka zimenezo chifundo ndi ukazitape zinkabwera ndi nkhope imodzi.

Loweruka lina masana tikuchokera kumunda, tinaona chigamba chonyezimira padenga. Wina anali atakwera ife kulibe, n'kukhomerapo kachidutswa ka lata latsopano, m'mbali mwake atamatamo phula bwinobwino. Pansi panali mabowo awiri a miyendo ya makwerero. M'mudzi monse makwerero anali nawo ndi amalume okha. Ine ndinavina.

Mayi anatula khasu. Anagubuduza mgolo, n'kuikapo mtondo, anamanga chitenje m'chiuno ndi kukwera. Anazula chigambacho msomali umodziumodzi, anapisa dzanja pabowopo n'kupapasa mapaso onse amene akanafikira. Atatsika analowa m'nyumba, anakhuthula thumba la mpunga, anatembenuza matiresi, anagogoda makoma. Sanapeze kanthu. Kenaka anakweranso n'kubwezera chigambacho okha, koma phula linali litasweka, ndipo denga linadontha kuposa kale mpaka mvula inatha.

Amalume anaona zonsezi ali pansi pa mtengo wa mango kwawo. Madzulo anafika pamalire a bwalo lathu, osalowa.

"Mlongo, mpaka pamenepa?"

"Mpaka atabwera mwini nyumba," anatero mayi.

Bambo anabwerako patatha zaka ziwiri, owonda, osakonda kulankhula. Sanatchule dzina la munthu amene anawaneneza, mwina sankalidziwa n'komwe. Nthawi imeneyo amalume anali atasamukira ku chilumba cha Chisi, ndipo anamwalirira komweko asanapondenso pakhomo pathu. Mayi atakalamba anandiuza kamodzi kokha kuti mwina mchimwene wawo anali wosalakwa, koma panalibe njira yomufunsira popanda kudziika pachiswe.

Dzinja la chigamba lija ine ndinkagona chokhota kuzemba madontho, nditakwiyira mayi chifukwa cha kunyada kwawo. Sindinkadziwa kuti kapepala kamodzi kobisidwa m'denga kakanakwanira kuti galimoto ija ibwerenso, ndipo ulendo umenewo ikanatenga iwo, ine n'kutsala ndekha.