Tsiku Limene Ndinamanga Mutu wa Injini

Ndikukumbukira chaka chimene abambo anapsa dzanja ndi madzi a mu rediyeta. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, nthawi ya atsamunda, magalimoto mu Limbe akali owerengeka pa zala. Abambo ankayendetsa lole ya Mmwenye wina wa sitolo, yotuta nsalu ndi mchere ku siteshoni ya sitima. Loleyo inkafuka utsi woyera, oyilo atasanduka ngati tiyi wamkaka. Gasiketi, chimbale chopyapyala chamkuwa chokhala pakati pa injini ndi mutu wake, inali itapsa.

Bwanayo anati aitanitsa makaniko wachizungu ku Blantyre, ndiponso afuna dalaivala wina. Abambo anapempha masiku awiri okha kuti aikonze. Dzanja lamanja lili m'nsanza, ananditengera kuseri kwa sitolo, pansi pa mtengo wa mango.

"Manja ako akhala anga. Usapupulume."

Titachotsa mutuwo, tsiku lonse ndinangokhalira kupala zotsalira za gasiketi yakale, palafini akununkha m'zala. Ndikati ndamaliza, iwo ankasisita chitsulocho ndi chala chakumanzere n'kupukusa mutu. Atakhutira, anagonekapo lula yachitsulo, n'kusuzumira ngati kuwala kukudutsa kunsi kwake, kuti aone ngati mutuwo wapindika.

M'mawa mwake gasiketi yatsopano ndinaiika chozondotsa. Sanandikalipire.

"Tawerenga mabowo a madzi."

Awiri anali atatsekeka. Ndinaitembenuza manyazi atandigwira. Titabwezerapo mutuwo, pomanga mabawuti ndinayambira kumapeto, n'kukoka sipanala ndi mphamvu zanga zonse. Apa m'pamene anakweza mawu.

"Leka! Upinditsa mutu. Yambira pakati, uku ndi uku, pang'onopang'ono. Uzungulire katatu."

"Koma abwana akudikira, ababa."

"Adikire. Injini sidziwa bwana."

Mnzawo wina anapukusa hendulo yolizira injini, lole n'kulira. Ine ndinalumpha ndi chimwemwe, koma iwo anaisiya itenthe, anaizimitsa, ndipo itazizira anandiuza ndikungenso bawuti iliyonse. Bwana anabwera madzulo, anayang'ana utsi, anayang'ana manja anga akuda bii, n'kungouza abambo kuti, "Mawa kusiteshoni."

Zinanditengera zaka kuti ndimvetse kuti pabwalo lija wamantha kwambiri anali abambo. Ana asanu tinkadya ntchito imeneyo, ndipo akanatha kumangirira msangamsanga kuti lole ingolira bwana aone. Mantha awo anawameza okha, ine n'kundipatsa nthawi yolakwitsa ndi kukonza.