Tsiku Limene Efraín Anakana Dzina Lake

Mwana wa mayi Ofelia Treviño a ku Laredo atabadwa, anamwino anati ndi wamkazi, mayi ake n'kumutcha Maribel. Iye sanatsutse, poti khanda sililankhula. Koma atangoyamba kuyenda, madiresi ankawavula ngati muli linthumbwi. Mayi Ofelia, amene ankasoka zovala za maphwando pabalaza pawo, ankangoti, "Ndi chibwana, adzasiya." Sanasiye. Mumtima ankadziwa kuti ndi mnyamata, ndipo dzina loti Efraín anadzisankhira yekha, osauza munthu.

Woyamba kulimva anali Nayeli Cantú, mnzake wa m'kalasi, mtsikana wosapsatira mawu. Atamuululira kuseri kwa sukulu, Nayeli anaseka.

"Efraín? Dzina la agogo limenelo! Ena onse anatha?"

Kenako anamugwira dzanja, osalisiya mpaka basi inafika. Chikondi chinayambira pomwepo.

Nayeli atayandikira zaka khumi ndi zisanu, kwawo kunali yakaliyakali kukonza phwando lake la quinceañera, lokondwerera kuti mtsikana wakula. Operekeza aakazi mzere wawo, aamuna wawo, mwini phwando n'kutsegula gule ndi mnyamata wodzisankhira yekha. Nayeli anasankha Efraín. Bambo Cantú anakalipa mpaka agalu a kwa aneba anauwa.

"Abale onse a ku Monterrey akubwera! Ukufuna andiseke?"

"Ndiye muvine nawo inuyo, ababa. Ine popanda Efraín sindivala ngakhale nsapato."

Bambowo anagonja, poti mwana wamkazi anali yekhayo. Nyengo yonse yotentha ankayeserera gule m'galaja, Efraín akutsogolera, Nayeli akumuponda dala. "Yang'ana ine, iwe, mapaziwo sathawa!" Chuy, msuweni wa Nayeli, anamubwereka suti yake yakale, ndipo Efraín anaibisa pansi pa bedi.

Vuto linali kunyumba. Madiresi a operekeza anapatsidwa mayi Ofelia kuti asoke, ndipo aliyense, poopa kuputa mavu, sanawauze zoti mwana wawo ndiye adzatsegule gule ndi Nayeli. Iwo anangoti mwana wawo ali mumzere wa atsikana, nanga akanakhala kuti? Lakelo analisoka mwapadera, mikanda kulowetsa pamanja umodziumodzi mpaka maso kufiira. M'mawa wa tsikulo analiyala pabedi.

"Kamodzi kokha, mwanawe. Phwando lako unakana, sindinalankhule. Lero lokha ndikuoneko utatchena."

Efraín analiyang'ana diresilo. Anawamvera chisoni mayi ake, komanso mantha anamugwira, tisabise. Anavala diresi.

Kutchalitchi anabisala kumbuyo. Kuholo analowa mumzere wa atsikana mutu uli pansi. Oimba anayamba. Nayeli anaima pakati, diresi lake litadzaza bwalo, n'kumwaza maso kwa anyamata. Kulibe. Anatembenukira kwa atsikana, ndipo anamuona. Sanalire, sanakwiye. Anatambasula dzanja n'kuitana mokweza, abale a ku Monterrey onse akumva:

"Efraín! Bwera."

Mayi Ofelia anacheuka kufuna kuona mnyamata woitanidwayo. Ndiye Efraín nayenso anacheuka, ngati akuthandiza kufunafuna mwini dzina. Ha! Kuvala diresi anadzikhululukira kalekale, koma kucheuka kumeneko kumamuluma mpaka lero. Dzanja la Nayeli linakhala m'malere mpaka Chuy anachoka pamzere kukaligwira.

Sukulu itatsegulidwa, Efraín anayesa kupepesa. Nayeli anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ine ndinalimbana ndi bambo anga chifukwa cha iwe," anatero. "Ukanangobwera ndi diresi lomwelo, tikanavina."

Efraín anadzawauza mayi ake zoona atamaliza sukulu. Analira, anakhala osamuyankhula, kenako tsiku lina anatulutsa tepi yoyezera. "Imirira bwino, ndikusokere malaya. Ukanandiuza kale, chitsiru iwe, mikanda yanga ija sikanapita pachabe."

Lero Efraín ali ndi ndevu zake, amakonza makina oziziritsa m'nyumba, ndipo dzina lake linalembedwa pagalimoto ndi zilembo zikuluzikulu. Laredo yense amamuitana choncho, ngakhale bambo Cantú. Nayeli ndi mphunzitsi, ali pabanja. Akakumana m'sitolo, Nayeli amamwetulira bwinobwino, popanda mangawa.

"Muli bwanji, a Treviño?"

Efraín amachedwa dala kuyankha, kudikira ngati pabwera liwu lina, dzina lake lija. Silibwera.