Phale Langa la Phada

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinatola phale lija. Mvula yoyamba inali itagwa, ndipo ine ndi amayi tinkaunda mizere ya nsawa m'munda mwathu, m'tsinde mwa phiri chakufupi ndi Mtenguleni. Khasu linafukula chibenthu cha mphika chosaposa chikhatho changa, chofiirira, chokhala ndi timizere ngati tolembedwa ndi chipeso. Miphika ya m'mudzi mwathu inalibe zoterozo.

Atsikana tinkafuna phale pa chinthu chimodzi basi: phada, masewera olumpha ndi mwendo umodzi m'zipinda zojambula pansi. Langali linali lolemera bwino, likagwa silinkagubuduka. Kuyambira tsikulo ndinaleka kugonja. Ngakhale Felesiya, mnzanga wa miyendo yaitali amene ankatizunza tonse, anayamba kunena kuti ndakhwimira. Ndinkanyada, sindibisa.

Wansembe wathu, mkulu wa ku Italiya, ankabwera panjinga yamoto kudzachita Misa kwathu. Lamulungu lina anatipeza tikusewera kuseri kwa tchalitchi. Anawerama n'kutola phale langa, n'kulitembenuza mosamala ngati dzira.

“Mwanawe, wapeza kuti ichi?”

Nditawauza, anakhala pansi pafumbi ndi mkanjo wawo womwe. Anati kwawo kuli kanyumba kosungiramo zinthu za Amesapi, anthu amene ankakhala kumeneko Aroma asanafike. Chilankhulo chawo chinatha kalekale, koma mitsuko yawo ilipo, ya zogwirira zazitali zokhala ndi timawilo, ndipo ana asukulu amapita kukaiona. Iwonso anali atayamba kachipinda kotere ku parishi, ndipo anapempha phale langa.

“Ayi, Abambo,” ndinayankha, maso ali pansi.

Amayi, amene anali chapafupi, anachita manyazi kwambiri. “Iwe, Abambo akupempha, iwe n'kumakana? Phale lomweli?”

Koma Abambo anaseka. “Musiyeni, amayi, n'lake.” Kenako anagwira chala changa n'kuchiika mkati mwa phalelo, pamene panali kadzenje kosalala. “Apa anadina ndi chala amene anaumba. Amesapi timawadziwa dzina. Uyu sitimudziwa, watsala apa pokha.”

Chala changa chinakwanira bwinobwino. Komabe phale ndinabwerera nalo kunyumba.

Ndinapitiriza kusewera, ndinapitirizanso kupambana. Koma tsiku lina mvula italekeza, pansi patauma gwa, ndinaliponya ndipo linabenthuka pangodya. Nditalitola ndinaona zimene ndinkakana kuona: m'mbali monse linali litaperepeseka, timizere tina titafufutika, ndipo pobenthukapo panali pafupi ndi kadzenje kaja. Felesiya ankandifulumizitsa kuti ndiponye. Ine ndinalimanga pansonga ya chitenje n'kunena kuti mwendo ukundipweteka.

Abambo atabweranso ndinawapatsa. Ndinalira pang'ono, chifukwa ndinkadziwa chimene chikundidikira. Ndipo chinandipezadi: Felesiya anandigonjetsa tsiku lomwelo, mawa lake, mpaka tinakula. Lero ndi agogo, amagulitsa tomato pamsika wa ku Nabvutika, koma tikakumana amafunsabe, “Amwali, mankhwala anu aja munawasiya kuti?”

Wansembe uja anabwerera kwawo ndipo anamwalira. Kachipinda kaja kalipobe, kamanunkha fumbi ndi sera. Muli nkhwangwa zamiyala, zidutswa za ng'anjo zosungunulira chitsulo, ndi mapale ambiri amene anthu anabweretsa pambuyo pake. Langa lili pakati pawo ndi ngodya yake yobenthuka. Ndikapitako ndi adzukulu anga amangoliyang'ana pagalasi, saloledwa kulikhudza, ndipo amadandaula monga ndikanadandaulira ine.

Mtima wanga uli m'malo. Pano ndimamvetsa kuti dothi linasunga chala cha woumba uja mibadwo yosawerengeka osachiwononga, koma ine, amene ndinkalikonda phalelo kuposa wina aliyense, ndikanachimaliza dzinja limodzi lokha. Si zonse zimene umakonda zimene zimasungika m'manja mwako.