Che Amidu Anayambira Kumanja

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndili pamzere wa kuchigayo, kwathu kwa Maganga. Mayi wina amene anali patsogolo panga anatulutsa kalata yochokera kwa mwana wake wa ku Joni n'kundipempha kuti ndimuwerengere. Ndinawerenga mokweza chifukwa cha phokoso la injini, pena n'kumaima kuti ndimufotokozere zimene mwanayo ankatanthauza. Sindinadziwe kuti kumbuyo kwanga kunali Mayi Chisale, mlangizi wa zachitukuko m'dera lathu. Titatuluka anandifunsa kuti sukulu ndinalekezera pati. Ndinawauza kuti folomu 2, chaka chimene bambo anga anamwalira. Iwo anati ankafuna mphunzitsi wa sukulu ya kwacha kufupi ndi Senga Bay, chifukwa amene analipo anali atakwatiwa ku Dedza. Ndinavomera ufa ukadali kumutu.

Lero anthu amandidziwa ngati mwini sukulu ndi shopu ya zipangizo za asodzi, ena amandidziwa ngati wapampando wa komiti ya chitukuko. Ambiri amaganiza kuti ndinapita ku koleji ya aphunzitsi. Ayi ndithu. Maphunziro anga a uphunzitsi anali a milungu iwiri yokha pa boma la Salima. Nditamaliza anandipatsa buku la mphunzitsi, kaundula, bokosi la choko ndi masileti makumi awiri. Bolodi ndinapanga ndekha ndi thabwa la chitseko chakale, ndikumalipaka makala a m'mabatire akutha. Makadi a zilembo ndinadula ku makatoni a sopo. Zonsezi ndinkamanga pa njinga ya malemu bambo anga.

Tinkaphunzirira m'shedi yofolera udzu, pafupi ndi mathandala oyanikapo nsomba. Tinkayamba 2 koloko, anthu atachoka kumzikiti ku swala ya masana, n'kuweruka isanakwane ya madzulo. Kaphunzitsidwe kake kanali kotere: ndinkaonetsa chithunzi, tikambirane zimene zili pachithunzicho, kenako ndilembe liwu limodzi pabolodi n'kuligawa m'maphatikizo. Pambuyo pake aliyense ankalemba pa sileti kapena m'kope, ine ndikuzungulira ndi kuwongola dzanja la amene pensulo ikumuvuta.

Azimayi analipo ngati makumi awiri, ambiri a iwo oyanika ndi kugulitsa usipa. Amuna analipo asanu, ndipo anayi mwa iwo ankabwera chifukwa choti Che Amidu ankabwera. Che Amidu anali bambo wachikulire, mwini maboti awiri, ndipo shehe akachokapo ndi iwo ankatsogolera mapemphero kumzikiti. Anali atangosankhidwa kukhala wapampando wa komiti ya padoko, ndipo anali atatopa ndi kudinda chala pamapepala anzawo akusaina. Ankabwera ndi mpando wawo, n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Kope lawo sindinkalisuzumira chifukwa ndinkawaopa. Ndinangoona kuti ankalitsegulira kumapeto, ndipo mumtima ndinkati n'chifukwa cha kusadziwa.

Patatha miyezi itatu Mayi Chisale anabwera pa njinga yamoto kudzaona mmene ndinkaphunzitsira. Liwu la tsikulo linali "usipa". Azimayi analigawa bwinobwino, u-si-pa, ndipo atatu anakalilemba pabolodi osalakwitsa. Mtima wanga unadzaza. Ndinafuna kuti mlangizi aone kuti ngakhale akuluakulu a padoko akuphunzira kwa ine, choncho ndinaitana Che Amidu. Iwo anapukusa mutu pang'ono. Ine osamva, ndinawatambasulira choko n'kunena kuti asachite manyazi.

Ananyamuka pang'onopang'ono, nalandira chokocho, n'kukaima kumanja kwa bolodi. Analemba u, kumanzere kwake analemba si, kenako pa. Mtsikana wina wa kutsogolo anawerenga mokweza mmene ndinawaphunzitsira, kuti "pa-si-u", ndipo shedi yonse inafa ndi phwete. Chimene chimandiwawa mpaka pano n'chakuti nanenso ndinaseka. Ndinatenga kansanza n'kufufuta zonse iwo ali chiimire pomwepo, ndikuwauza kuti polemba timayambira kumanzere.

Che Amidu anaika choko pansi pa bolodi, anasasa m'manja, ananyamula mpando wawo n'kutuluka. Amuna anayi aja anawatsatira. Azimayi awiri amene amuna awo ankagwira ntchito m'maboti a Che Amidu anaweramitsa nkhope, kenako nawonso anatuluka. Phunziro ndinalimaliza ndi amene anatsala.

Mayi Chisale anadikira kuti onse apite. Akusaina kaundula anandifunsa, osandiyang'ana n'komwe: "Esinati, zilembo zonse anazilemba bwino. Ndiye mwafufuta chiyani?" Potsekera cholembera anati, "Mwana mukamuchititsa manyazi mawa abweranso, chifukwa makolo amukakamiza. Wamkulu palibe womukakamiza." Anandiuza kuti abweranso pakatha mwezi, ndipo akadzapeza anthu ochepa sukuluyo aitseka.

Mawa lake anabwera anthu asanu ndi awiri. Mkuja lake asanu okha.

Loweruka m'mawa ndinapalasa njinga mpaka kudoko. Ndinapeza Che Amidu ali pansi pa mkuyu akusoka ukonde pamodzi ndi asodzi awo. Ndinagwada chapatali n'kuwapatsa moni. Anayankha, koma anapitiriza kusoka kwa nthawi ndithu, ine maondo akupsa ndi mchenga. Atadzutsa mutu ndinapepesa. Ndinati ndinalakwa kuwakakamiza, ndinalakwa kuseka, ndipo ndinalakwa kufufuta.

Iwo anasalaza mchenga ndi chikhatho, natola kamtengo, n'kulemba mofulumira kuchokera kumanja kupita kumanzere, zilembo zopindikapindika zokhala ndi timadontho.

"Werengani, aphunzitsi."

Ndinawauza kuti sindingathe.

"Ndi dzina lanu limenelo."

Anandifotokozera kuti Chiarabu anayamba kulemba ali mwana ku madarasa, sukulu ya kumzikiti, kuti Kurani amawerenga tsiku lililonse, ndiponso kuti mkulu wawo wa ku Mangochi ankalemberana naye makalata m'zilembo zomwezo. "Dzanja ili layenda chochokera kumanja moyo wanga wonse," anatero. "Inu mukufuna litembenuke m'miyezi itatu?"

Kenako anandipatsa kamtengo kaja kuti nditengere zimene analemba. Ndinawerama, ndipo mosazindikira ndinayambira kumanzere. Zimene zinatuluka zinali ngati mapazi a nkhuku. Msodzi mmodzi anayamba kumwetulira, koma Che Amidu atangomuyang'ana anabwerera ku ukonde wake. Zolemba zangazo sanazifufute. Anasalaza mchenga m'munsi mwake n'kundiuza kuti ndiyesenso. Ndinayesa kanayi, iwo akundilozera poyambira. Potsanzikana sanalonjeze kuti abwerera kusukulu, ndipo ine sindinafunse.

Milungu iwiri yotsatira ndinayenda khomo ndi khomo kwa azimayi amene anasiya, ndikuwafunsa zimene ndinayenera kuwafunsa tsiku loyamba. Ndinapeza kuti asanu ndi mmodzi ankadziwa kuwerenga Chiarabu, ndipo onsewo ankavutika ndi poyambira mzere, kungoti ankabisa. Ndinajambula kansomba kakang'ono kumanzere kwa sileti iliyonse kuti dzanja lizidziwa poyambira. Ndinalengezanso kuti kubolodi kuzipita yekhayo amene wafuna. Anthu anayamba kubwerera mmodzimmodzi.

Lolemba lina ndikupachika bolodi ndinaona Che Amidu akubwera ndi mpando wawo, amuna anayi aja ali pambuyo. Anakhala pamalo pawo pa nthawi zonse n'kutsegula kope, ulendo uno chakutsogolo. Za tsiku lija palibe anazitchulanso. Mayi Chisale atabwera anapeza shedi yodzaza, ndipo chaka chisanathe Che Amidu anasaina okha kalata ya komiti ya padoko.

Sukulu ya kwacha ndinaphunzitsa zaka zinayi. Pa nthawi yomweyo ndinkawerenga pandekha mabuku obwereka mpaka ndinalemba mayeso a folomu 4 n'kukhoza. Nditatsegula sukulu ya mkaka m'shedi yomwe ija, ana oyamba kulembetsa anali adzukulu atatu a Che Amidu. Sukuluyo inakula pang'onopang'ono, shopu inabwera pambuyo, za ukomiti zinabwera ndili kale ndi imvi. Che Amidu anatisiya sukulu isanafike sitandade 8, koma midadada iwiri yoyamba anaiona.

Aphunzitsi amene ndimalemba ntchito masiku ano ali ndi mapepala oposa anga. Komabe sabata yawo yoyamba ndimawaletsa kuitanira mwana kubolodi. Ndimawauza kuti ayambe azungulira, asuzumire m'makope, afunse. Kumisonkhano ya komiti nakonso, munthu akayankhula zimene kwa ine zikumveka zopotoka, ndimaugwira mtima n'kumufunsa kuti wayambira kuti. Kawirikawiri ndimapeza kuti mfundo zake zonse zilipo ndipo n'zolondola, wangozitengera mbali imene ine sindinaizolowere.