Voti ya a Chidendene

Munali m'chaka cha 1986, dzinja lili pakati, pamene bambo wina wamtali anabwera atasenza benchi n'kulitula pakhonde la sitolo ya nsalu, moyang'anana ndi geti la sukulu imene ndinkaphunzitsa. Linali Lolemba, pa 20 Januwale. Tsikuli ndinalilemba m'kabuku kanga chifukwa m'mawa womwewo lamba wa nsapato yanga anali ataduka m'matope, ndipo ine ndinakhala munthu woyamba kuwapatsa ntchito.

Anali wosoka nsapato. Munthu akafika ndi nsapato yong'ambika kutsogolo, iwo ankayamba aitembenuza n'kupukusa mutu, amvekere, "Vuto si kutsogoloku, chidendene chatha." Ankatero kwa aliyense, ngakhale kwa wongofuna polishi. Pasanathe miyezi itatu msewu wonse unkawatchula kuti a Chidendene, ndipo akazi awo omwe anayamba kuwaitana choncho.

Sitoloyo inali ya alamu awo, achimwene a akazi awo. Khonde anawapatsa laulere. Pakhoma a Chidendene anakhomapo misomali khumi ndi iwiri, uliwonse ndi ntchito yake: wa nyundo, wa mpeni, wa ulusi wakuda, wa ulusi wofiirira, mpaka wa chipewa chawo. Phula ndi guluu zinkakhala kumanzere pansi pa benchi. Ankadziwa anthu ndi nsapato zawo. Anandiuzapo kuti ndimapondera kunja phazi lamanja, ndiye kuti ndine munthu wosachedwa kupsa mtima. Ndinakana mokalipa, iwo n'kuseka mpaka misozi.

Ndikaweruka ndinkakhala kumapeto kwa benchi lawo, n'kumatsutsana nawo. Ine ndinkaphunzitsa ana za ufulu ndi udindo wa nzika, ndipo ndinkakhulupirira kuti munthu wamkulu sayenera kubisa amene wamuvotera. Pa chisankho chilichonse ndinkanena poyera, wofuna kukwiya akwiye. Ndinkati obisa ndi amantha. A Chidendene ankandimvetsera ulusi uli kukamwa, kenako n'kundiyankha kuti n'zosavuta kulimba mtima munthu ukakhala ndi ntchito imene oyandikana nawo sangakuchotse. Ankati iwo amasoka nsapato za anthu a mbali zonse, ndipo sanaonepo nsapato yofunsa kuti msoki ali mbali iti. Ndinkawanena kuti akuzemba funso. Iwo ankati inde, akuzemba, ndipo akhala akuzemba bwinobwino kwa zaka zambiri.

Mu 1999 maso awo anayamba kuchita ng'ala. Alamu awo anawatengera kuchipatala cha maso kawiri pa galimoto yawo, koma sizinathandize kwenikweni. Izi ndikuzilemba kuti wina asaganize kuti mwini sitolo anali munthu woipa mtima. Pofika 2002 a Chidendene ankangoona zithunzithunzi, koma ntchito sinaime. Manja ankadziwa msomali uliwonse pakhoma paja. Ankapisa ulusi mofufuza ndi lilime, ndipo msoko wawo unali wowongoka kuposa wa anthu openya.

Mu 2003 kunali chisankho cha khansala wa dera lathu. Anapikisana anthu anayi, koma mpikisano weniweni unali pakati pa awiri: mwini sitolo uja ndi mayi wina amene anali namwino mpaka kupuma ntchito. Khonde lonse linamatidwa zithunzi za mwini sitolo, china pamwamba penipeni pa mutu wa a Chidendene. Anthu ankawaseka kuti akhala mlonda wa chithunzi chimene sakuchiona. Iwo ankayankha kuti awauza kuti alamu awo atuluka bwino, ndiye palibe chodandaulitsa.

Kutatsala masiku awiri anandipempha kuti ndidzalowe nawo m'kachipinda kovotera, poti lamulo linkalola wosaona kusankha womuthandiza. Ndinafunsa chifukwa chimene sakutengera akazi awo. Anati sakufuna kuwasenzetsa mayiwo katundu wolemera, ndipo ine sindinafunsenso. Ndinanyadira kuti asankha ine.

Tinavota Lachiwiri, pa 14 Okutobala, m'kalasi yachitatu ya sukulu yathu yomwe. Tili pamzere anandiuza mmene tichitire. Ine ndigwire chala chawo chachikulu atachiviika mu inki, ndiziwerenga mayina motsitsa mawu kuyambira pamwamba, uku ndikuyendetsa chalacho m'mbali mwa pepala. Ndikafika pa dzina lawo, adzakanikiza okha. Sankafuna kutchula dzina lililonse, ngakhale monong'ona.

Dzina la alamu awo linali lachiwiri. Ndinaliwerenga n'kuima pang'ono, ndikudikira. Chala sichinatsike. Ndinaganiza kuti sanamve, ndinabwereza. Anangogwedeza dzanja kuti ndipitirire. Pa dzina lachinayi, la anamwino, anakanikiza mwamphamvu mpaka tebulo linalira. Anapinda pepalalo okha, kanayi, n'kuliponya m'bokosi. Tikutuluka anandifunsa ngati nsapato zimene anandisokera mwezi watha zikundilumabe. Za voti sananene kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Anamwino anapambana ndi kusiyana kwa mavoti makumi atatu ndi imodzi. Voti ya a Chidendene sinasinthe chilichonse. Koma mwini sitolo zinamupweteka kwambiri, ndipo ankangowerengetsera pamtima anthu amene anamulonjeza.

Lolemba lotsatira, pa 20 Okutobala, nthawi yopuma, tinali m'chipinda cha aphunzitsi. Mphunzitsi wa masamu, munthu wa pakamwa posapuma, anali pawindo akuyang'ana kutsidya kwa msewu. Anati anthu ngati a Chidendene ndi amene amawononga zisankho, chifukwa savota ndi mutu koma ndi mimba. Anati munthu wodyera pakhonde la mwini, voti yake ndi ya mwini khonde, ndipo kukanakhala bwino kungopatsa alamu awo mapepala awiri kuti tisatayitse inki. Anthu anaseka.

Ine magazi anandiwira. Ndinati, "Mukanalowa nawo m'kachipinda muja simukanayankhula zopusa zimenezo."

Wa masamu anatembenuka, maso ali gwa, n'kufunsa ngati ndikutanthauza kuti sanavotere alamu awo. Pamenepo ndikanatha kutola mabuku anga n'kutuluka. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, sindinali mwana. Koma ndinkafuna kupambana mkanganowo, ndiponso ndinkawanyadira a Chidendene ngati ndine ndinawaphunzitsa kulimba mtima. Ndinati munthu uja ali ndi mutu wake, anadutsa dzina la alamu awo kawiri konse n'kukanikiza pa anamwino. Ndinabwerera m'kalasi ndikudziona ngati ndateteza mnzanga.

Mkazi wa mphunzitsi wa masamu ankasoketsa madiresi kwa telala wa mkati mwa sitolo ija. Nkhani inangotenga masiku atatu kuwoloka msewu.

Lachinayi, pa 23, mwini sitolo anatuluka n'kuima patsogolo pa benchi. Telala, amene anamva zonse, ndiye anadzandifotokozera pambuyo pake. Akuti mwini sitoloyo sanakalipe. Anafunsa motsitsa kuti, "Alamu, zimene ndikumvazi n'zoona?"

A Chidendene anaika nsapato pansi n'kuyankha kuti, "Za m'kachipinda muja sindikambirana ndi munthu, alamu. Ndikanakuvoterani, yankho langa likanakhala lomweli."

Mwini sitolo anawakumbutsa za zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za pakhonde, ndi maulendo a kuchipatala. A Chidendene anati zonsezo akuzikumbukira ndipo adzathokoza mpaka kufa.

Madzulo ake akazi awo anawachonderera akulira. Njira inalipo yosavuta: angonena kuti aphunzitsi aja anama, kapena kuti anawasocheretsa chala poti iwo saona. Ndani akanatsutsa? Mwini sitolo akanalandira zimenezo ndi manja awiri, chifukwa nayenso ankafuna pothawira. A Chidendene anakana. Anati sangatchule wabodza munthu amene sananame. Zimenezi ndinazimva patapita zaka ziwiri kuchokera kwa mwana wawo wamkazi, ndipo mwa zonse ndi zimene zimandilemera kwambiri.

Loweruka pa 1 Novembala kunabwera owotcherera zitsulo, n'kutchinga khonde lonse ndi mipiringidzo. Mwini sitolo anati n'chifukwa cha akuba. Benchi linapezeka lili panja, m'mbali mwa ngalande. Misomali khumi ndi iwiri ija inatsalira mkati, ndipo ndinkaiona tsiku lililonse popita kuntchito mpaka pamene anapaka khomalo penti.

Ndinazengereza masiku asanu ndi anayi. Pa 10 Novembala ndinawapeza pamalo awo atsopano, pansi pa mtengo pafupi ndi pokwerera mabasi. Anandizindikira ndi kayendedwe ndisanayankhule. Ndinakhala pabenchi n'kuyamba kufotokoza za wa masamu, za mawu ake achipongwe, zoti ine ndinkafuna kuwaikira kumbuyo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, manja akufufuza mpeni m'fumbi.

"Aphunzitsi," anatero, "ine ndinabwereka maso anu okha. Pakamwa ndinali napo panga."

Ndinapepesa. Anati amva. Kenako anati popeza ndabwera kale, ndivule nsapato yakumanja aione, chifukwa akumva kuti ikukhukhuluza pansi.

Sanandithamangitse, ndipo sanabwerezenso nkhaniyo. Ndinkapitabe kukakhala nawo, koma mikangano yathu ija inatha. Ndikayamba za ndale ankandifunsa za ana a m'kalasi. Tsiku lina ndinafunsa chimene anasankhira anamwino. Anaseka pang'ono n'kunena kuti ndayambanso. Mpaka lero sindikudziwa chifukwa chake.

Pansi pa mtengo ntchito inavuta. Panalibe khoma loti manja aloweze. Zida zinkasochera, mphepo inkagwetsa ulusi, mvula ikabwera ankalongedza zonse mofufuza. Kawiri anasokera nsapato yakuda ndi ulusi wofiirira. Anthu a mbali ya mwini sitolo anasiya kubwera, ndipo a mbali ya anamwino, amene ankawatama kuti ndi ngwazi, nsapato zawo ankapita nazo kwa wosoka wina wa kumsika amene ankaona bwino. Ndinapita kwa mwini sitolo kawiri, mu Disembala ndi mu Malichi. Ulendo woyamba anandiyankha mwaulemu kuti ndinachita bwino kumutsegula maso. Wachiwiri anatumiza mawu kuti watanganidwa. Akazi a a Chidendene anakhala pakati pa mwamuna ndi mchimwene wawo, osaitanidwanso ku zochitika za kwawo. Tikakumana pamsewu ankandipatsa moni wathunthu, wa ulemu wonse, maso ali kumbali.

Chisankho china chinabwera Lachiwiri pa 7 Okutobala 2008. Ine ndinali nditapuma ntchito. Ndinadziwa kuti sangandipemphe, komabe ndinapita kukadzipereka, n'kulumbira kuti ulendo uno ndidzatseka pakamwa. Anandithokoza n'kunena kuti akonza kale. Ndinali kumbuyo kwawo pamzere, anthu asanu pakati pathu. Woyang'anira chisankho anawafunsa amene awathandize, iwo anati palibe. Anadzipereka yekha, iwo anakananso. Anangopempha kuti awafikitse patebulo ndi kuwaviika chala. Anakhalamo kanthawi, n'kutuluka pepala atalipinda kanayi.

Panja ndinawagwira mkono kuti ndiwawolotse msewu. Ndinalephera kupirira, ndinawauza kuti mwina chala chagwera pakati pa mayina awiri, kapena pa munthu amene samufuna n'komwe.

"Mwina," anatero. "Koma wa lero ngakhale ine sindikumudziwa. Ameneyu ndiye palibe amene akamuulule."

Ankamwetulira ponena zimenezi, ndipo ndikukhulupirira kuti sankafuna kundilasa. Ine ndinafika kunyumba n'kukhala pampando osavula nsapato mpaka dzuwa kupendeka. Munthu amene ankadziwa bwino lomwe chimene akufuna, ndinamufikitsa povota mwamwayi.

Kuyambira chaka chimenecho sindinauzenso munthu amene ndamuvotera. Ana anga amadabwa, amati amayi akalamba ayamba mantha. Ndimaganizabe kuti wofuna kunena voti yake anene, ndi yake. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kulimba mtima kwanga kunalibe mtengo, pamene kwa a Chidendene mtengo wake unali khonde, mlamu ndi mtendere wa m'nyumba. Ine ndinawalipiritsa zonsezo kuti ndipambane mkangano wa nthawi yopuma.

Akazi awo anamwalira pa 2 Febuluwale 2011. Pamaliro mwini sitolo ndi a Chidendene anakhala mbali imodzi, anagwirana chanza, osapitirira apo. Nyumba imene ankakhala inali ya banja la akaziwo, ndipo ngakhale palibe anawauza kuti achoke, mwana wawo anaona kuti bambo ake sangakhalemo okha. Anabwera kudzawatenga kuti azikakhala naye kumzinda wina wakutali.

Ndinawaperekeza pokwerera mabasi, pafupi ndi mtengo wawo uja. Benchi analisiyira mayi wogulitsa zipatso. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma wokweza katundu ankafuula, injini ikulira. Anandigwira dzanja lamanja, momwe ine ndinagwirira lawo m'kachipinda muja, n'kundiuza kuti ndisamachedwe kusinthitsa zidendene chifukwa ndikupondera kunja kuposa kale. Mwana wawo anawakweza n'kuwakhazika pawindo, mbali imene ine ndinaima, ngakhale sakanatha kundiona.

Basi inanyamuka itangokwana 9 koloko m'mawa, Lachinayi, pa 9 Juni 2011.