Woyera wa pa Thanki ya ku South C

Amuna anga anali munthu wabwino masiku onse kupatula Loweruka. Likangofika tsikulo, anzawo awiri a kuofesi, Amalawi anzathu kuno ku Nairobi, ankaliza hutala pageti pathu ku South C, basi bambo ulendo ku mowa, pobwera miyendo ikukana. Ine zinandikwana. Ndinatsitsa sutikesi pakabati, n'kulongeza, n'kuiimika pakhomo la kuchipinda.

"Mukangopitanso kamodzi, ine ndi ana mudzatipeza ku Dedza."

Sabata yomweyo ku mphakati wathu kunabwera m'bale wina wophunzira unsembe ku Karen. Anatisimbira za woyera wa kalekale ku Siriya amene anathawa mayesero n'kukakhala pamwamba pa chipilala zaka zambirimbiri, chakudya ankachita kumukwezera m'dengu pachingwe. Tonse tinaseka. Amuna anga okha sanaseke, koma ine wopusane sindinatolepo kanthu.

Loweruka m'mawa ndinawapeza ali pansanja ya thanki yamadzi kuseri kwa nyumba, atavala jekete la kutchalitchi, korona m'manja, dengu langa logulira masamba atalimanga kale kuchingwe choyanikira zovala.

"Mayi a ana, chotsani makwererowa. Ndingakuwe bwanji, musabweze mpaka dzuwa litalowa."

"Abambo inu, mutu ukuyenda koma?"

"Chotsani!"

Ndinachotsadi. Posakhalitsa mayi woyandikana nafe, Mkenya, anasuzumira pampanda. Poyesa kuti ndi mmisiri wa mipope, anawapempha kuti akatha pamenepo akaonenso thanki yake yodontha. Woyera wanga anamuyankha mwaulemu kuti aikumbukira m'mapemphero.

Masana hutala uja analira. Anzawo aja atazungulira kuseri n'kukweza maso, anaseka mpaka kukhala pansi.

"Alamu, mwawatani achimwenewa?"

"Afunseni eni ake, pakamwa ali napo."

Anawanyengerera, anawanyogodola, bambo akungoyang'ana ndege zimene zinkatera cha ku bwalo la ndege la Wilson. Ine ndinaika chapati m'dengu, n'kuvundikira ndi kansalu, n'kutembenuka kukatenga tiyi. Pobwera, dengu lili m'malere, ndipo pansi pa kansalu pakusuzumira khosi la botolo. Mmodzi wa asatana aja anali atalilowetsa.

Abale inu! Ndinali wokonzeka kupita ku Dedza, koma kunena zoona sindinkafuna. Munthuyu ndinkamukonda, ndi uchitsiru wake womwe.

Amuna anga analitulutsa botolo lija, lozizira, likuchita thukuta. Analitembenuza uku ndi uku. Analigunditsa patsaya. Anameza malovu mpaka tonse pansi tinamva. Kenaka anachotsa chapati, n'kubweza botolo m'dengu, n'kuyamba kutsitsa. Dengu linkangogunda mizati, go, go, go, mpaka linafika pansi.

"Kumwamba kuno zimenezo sitilandira," anatero.

Anzawo ananyamula botolo lawo n'kumapita akupukusa mitu. Galimoto isanakhote n'komwe, mvula ya mu Epulo inakhuthuka, ya Nairobi yosapereka moni ija. Woyera anali ataiwala ambulera.

"Mayi a ana! Makwerero! Mwakomoka kodi? Makwerero!"

"Munanena nokha, mpaka dzuwa litalowa!"

"Nanga dzuwalo mukuliona?"

Ndinawasiya akukuwa choncho, jekete la kutchalitchi lili chonyowa. Ine ndinalowa kuchipinda, ndikuseka kwinaku misozi ili chuchuchu, n'kuyamba kubwezera zovala m'kabati.